Funsani Achemwali: za chipinda 303, dokotala wa mano uja, ndi chifukwa chake Jong-woo sanangosamuka

Mwezi uno mwandidzadzira inbox ndi sewero limodzi basi, Strangers from Hell, ena mumalidziwa kuti Hell Is Other People, ndi lomwelo. Kaya wayambitsa ndani kuligawa mma flash koma zikuoneka kuti lafika ponseponse. Ndasankhapo makalata angapo. Amene simunamalize kuonera muwerenge funso loyamba ndi lachiwiri kenako mutseke tsambali, poti kutsogoloko ndiulula zonse mpaka mathero, osadzandinena kuti Achemwali anandiwonongera.

Achemwali, mnzanga wandiikira seweroli ndaonera ma episodi awiri koma mutu wangozungulira, anthu achuluka ndipo aliyense akuoneka ngati wamisala. Ndani ndi ndani kodi, nanga ndipitirize kapena ndikungotha nthawi? — Wosokonezeka, Ndirande

Pitirizani achimwene, ma episodi ake ndi 10 okha, si zija za ma episodi 50 zomwe umakalamba ukuonera. Linaonetsedwa pa kanema wa OCN ku South Korea kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Okutobala 2019, ndipo nkhani yake inachokera mu webtoon ya Kim Yong-ki yomwe inkatuluka pa Naver, nthano zojambula zija amawerengera pafoni.

Mnyamata wathu ndi Yoon Jong-woo, akumusewera ndi Im Si-wan. Wachoka ku Busan kupita ku Seoul kukayamba ntchito ngati intern pa kampani ya mkulu wina amene anaphunzira naye, Shin Jae-ho, koma mtima wake uli pa kulemba mabuku a zaupandu, ali nayo kale nkhani yomwe akulemba mu laputopu. Ndalama alibe. Ndiye pofufuza pogona potchipa akukafika ku Eden, nyumba ya tizipinda ting'onoting'ono ili pamwamba pa chitunda, akukwera masitepe aja atanyamula chikwama thukuta lili kamukamu, ndikupatsidwa chipinda 303.

Mayi wa nyumbayo ndi Eom Bok-soon, uja womwetulira nthawi zonse, wokonda za tchalitchi komanso kukakamiza anthu chakudya. Akumusewera ndi Lee Jung-eun, amene munaonera Parasite mwamuzindikira, ndi mayi wantchito wa mnyumba uja, ndipo zonse ziwirizi zinatuluka chaka chimodzi cha 2019. Kenako pali mapasa, Byun Deuk-jong wachibwibwi woseka kikiki uja ndi m'bale wake Deuk-soo, onse awiri akuwasewera ndi munthu mmodzi, Park Jong-hwan. Pali Hong Nam-bok wa mu 313, wa vesti yakuda ndi litsiro, amangoima pakhomo kumakuyang'ana osaphethira, kumwendo ali ndi kachipangizo kaja boma limamanga anthu amene anapalamulapo milandu yogwirira. Pali Yoo Ki-hyuk wa mu 302 wovala malaya a manja aatali dzuwa likuswa mtengo, amene episodi yoyamba yonse umaganiza kuti ndiye mkulu wa zoipa. Ndiye poti mwafika episodi yachiwiri mwaona kale zomwe zinamuchitikira, ndipo mwamuona mwini filimu weniweni, Seo Moon-jo wa mu 304, dokotala wa mano waulemu wake, Lee Dong-wook ameneyo.

Kunja kwa nyumbayo gwirani maina awiri: Min Ji-eun chibwenzi cha Jong-woo, ndi So Jung-hwa wapolisi wachitsikana amene akuyamba ndi kufufuza za amphaka ophedwa mderalo anzake kumamuseka kuti akutaya nthawi. Otsalawo muwadziwira mnjira.

Ine chomwe chimandinyasa nchakuti mnyamatayu akuona yekha kuti anthu awa ndi afiti, akulowa mchipinda mwake iye kulibe, wina akumulozera mpeni, koma iye phee osasamuka. Munthu wanzeru angakhale malo otero? Opanga seweroli akutiyesa ana. — Bambo wa ana atatu, Kempton Park

Bambo, funso lanuli ndi lomwe ndimalidikira chifukwa seweroli lonse lagona pamenepa. Ndipo ndadabwa kuti lachokera kwa inu muli ku Joni, kumene abale athu ambiri amagona anayi kachipinda kamodzi ndi anthu oti sakuwadziwa nkomwe, wina akuba sopo wina akubwera ataledzera usiku, koma mwezi ukatha onse ali pompo poti kwina renti yake njosayamba.

Nyumba ngati Eden ku Korea zilipodi, amazitcha goshiwon. Poyamba zinali za ophunzira amene akukonzekera mayeso ovuta olowera ntchito za boma, munthu amadzitsekera mmenemo miyezi akuwerenga. Pano ambiri okhalamo ndi aganyu, achikulire opanda kwawo, alendo ochokera maiko ena ndi achinyamata ongofika kumene mtauni. Kachipinda kake ndi bedi, kathebulo, basi, ukatambasula manja wakhudza makoma onse awiri, tina tilibe ndi windo lomwe. Bafa, chimbudzi ndi khitchini nzogawana, makoma ndi opyapyala moti mnzako akatsokomola umamva ngati ali pabedi pako. Nanga anthu amakhaliranji? Dipoziti. Ku Seoul kuti upeze kachipinda kabwinobwino kako wekha amayamba akufuna dipoziti ya mamiliyoni angapo a won, ndalama ya kumeneko, usanalowe nkomwe, pomwe ku goshiwon umangolipira ya mwezi ndikulowa tsiku lomwelo. Ndipo si malo oti anthu amangovutika ndi phokoso lokha ayi, mu Novembala 2018 goshiwon ina ku Jongno, pakati penipeni pa Seoul, inapsa ndipo anthu 7 anafa, ambiri mwa iwo azibambo aganyu. Ndiye anthu aku Korea pomwe ankaonera seweroli chaka chotsatiracho, nsanjika yachinayi ya ku Eden, yomwe mu seweroli ndi yopsa ndi moto, sinali nthano kwa iwo.

Tsono taonani mmene olemba anamumangira Jong-woo. Akungotsika basi ku Seoul, sikirini ya laputopu yasweka, ndalama yoyamba yapita kokonzetsa. Zipinda zonse zabwino zomwe akuziona mtengo wake sangaukwanitse. Ku Eden akumuuza 190,000 won pamwezi, ndipo mayi aja akuchita kumuuza poyera kuti chipindacho chatchipa chifukwa amene ankakhalamo anadzipha, iye nkuvomerabe, akuti ndingopirira miyezi yochepa ndisunge ya dipoziti. Kumudzi mayi ake akuvutika ndi mchimwene wake wodwala, akaimba foni nkhani imathera pa ndalama. Malipiro a intern inu mukuwadziwa. Asamukire kuti?

Komanso chinthu china chomwe ambiri simukuchiona, mnyamatayu ananena. Ananena kangapo konse. Anauza Ji-eun kuti anthu a nyumba ino sali bwino, yankho linali lakuti ukungotengeka, usamawalabadire. Anauza Jae-ho, uyo anangomuseka nkumuuza kuti ndiwe wosachedwa kukhumudwa, kenako nkuyamba kumulalikira za mmene moyo wa mtauni umafunira kulimba mtima. Ku polisi nako umboni analibe. Munthu ukauzidwa ndi aliyense amene umamukhulupirira kuti vuto ndi iweyo, umayamba kudzikayikira, kuti mwina ndine ndikuganiza mopyola, mwina ndi kusagona. Ndiye tsiku limene akunyamukadi kukagona kwina zinthu zinali zitaonongeka kale mmutu mwake, komanso dokotala uja anali atadziwa kale pomugwira.

Ine pamene pamandipweteka kwambiri si pa mipeni ayi, ndi ku ofesi. Jae-ho amamuchititsa manyazi pamaso pa anthu uku akunamizira kuti akumuthandiza ngati mng'ono wake, nthawi yomweyo diso lili pa chibwenzi chake. Byung-min, mkulu womuyang'anira uja, samuphunzitsa ntchito koma kumutukwana pansipansi tsiku ndi tsiku. Mnyamata akuchoka ku gehena ya masana kupita ku gehena ya usiku, pogona palibe popumira palibe. Mutu wa seweroli anautenga ku mawu a Jean-Paul Sartre, wolemba wa ku France, a mu sewero lake la 1944, oti gehena ndi anthu ena, ndipo anthu enawo si a ku Eden okha, a mataye aku ofesi aja ali momwemo.

Pokhapo pomwe ndingakuvomereni bambo ndi pa nyama yaiwisi ija. Munthu wakupatsa nyama yofiira mbale yonse, iwe wafunsa kuti ndi nyama yanji, iye akungomwetulira osayankha zomveka, iwe nkutafunabe? Apo ndiye ngakhale ine ndinakuwa ndekha pabalaza kkkk.

Achemwali musandiweruze koma ine Moon-jo ndimamufila heavy, ndikudziwa ndi chigawenga koma akamayankhula mtima umangoti myaa. Ndili bwinobwino? Komanso mmene amamuyang'anira Jong-woo muja, amamufuna chibwenzi kapena? — Mtsikana wa ku Area 25

Muli bwinobwino asisi, simuli nokha, makalata ngati anuwa ndalandira ambiri ndipo ena ndi ochokera kwa amayi a mabanja awo. Amene mukumufila ndi Lee Dong-wook, yemwe uja anali mthenga wa imfa wa chipewa chakuda mu Goblin, ndipo opanga seweroli anachita dala kusankha nkhope imeneyo. Mu webtoon munalibe dokotala wa mano, anachita kumuwonjezera pa TV. Ndipo mwaona mochenjera mmene anachitira, Ki-hyuk wa mu 302 ndi amene amafanana ndi mkulu wa zigawenga wa mu webtoon, ndiye amene anawerenga kale ankati tamudziwa ndi uyu, kenako episodi yachiwiri Moon-jo nkumuchotsa ngati akufufuta cholakwika pa pepala.

Chomwe chimakukokani inuyo ndi chomwecho chinamukoka Jong-woo. Tangoganizani, mnyumba yonse ija ya anthu onunkha ndi oseka okha, mwatulukira munthu mmodzi wosamba, woyankhula mofatsa, amene akukufunsa kuti ukulemba buku lanji ndipo akumvetseradi yankho lake. Padenga paja atagwira zitini za mowa akukambirana za Raymond Chandler, wolemba mabuku a zaupandu, ndi za chigawenga choimba piyano cha mu nkhani ya Jong-woo, kanali koyamba chifikireni ku Seoul kuti munthu amufunse za zomwe amakonda. Chibwenzi chake sichinamufunse, bwana wake ankangoseka zoti akulemba buku. Nkhope ya Jong-woo inachita kuwala pamenepo. Pomwe munthu yemweyo usiku amamusuzumira pa kabowo ka pakhoma.

Za chibwenzizo, Moon-jo amamuitana Jong-woo ndi mawu amene anthu okondana amaitanirana ku Korea, ndipo seweroli silibisa kuti pali kukokana kwina kwake pakati pawo, anthu pa intaneti akhala akukangana za izi kuyambira 2019. Maganizo anga ndi akuti Moon-jo safuna Jong-woo ngati munthu. Amadziona ngati mmisiri, amazula mano a anthu amene wawapha nkupanga mphete ndi zibangili, ndipo anthu amoyo amawaonanso chimodzimodzi, ngati zinthu zoti aziphwasule nkuzipanganso mmene akufunira. Ki-hyuk inali ntchito yomwe sinatuluke bwino ndiye anaitaya. Jong-woo ndi ntchito yatsopano. Nchifukwa chake atamenya ana asukulu aja, Moon-jo ndi amene akubwera kupolisi kudzamulipirira, nchifukwa chake amamunong'oneza kuti ukafuna kutukwana tukwana, ukafuna kupha ipha, usamadzibise. Aliyense amene wayandikira Jong-woo amamuchotsa, Jae-ho woipa uja komanso Seok-yoon, mnyamata wa rap wosalakwa uja amene anali mnzake yekhayo mnyumbamo, mpaka atsale yekhayekha opanda wina womumvera koma iye. Ngati pali mwamuna ku Area 25 amene akukuuzani kuti palibe amakumvetsa koma ine ndekha, uku akukudanitsani ndi anzanu mmodzimmodzi, ameneyo musamufile.

Ndamaliza dzulo usiku ndipo sindinagone. Tandiuzeni zoona, anapha anthu onse aja ndi ndani? Apolisi akuti Moon-jo, koma nanga zija anationetsa kumapeto zija? Ndipo Moon-jo anafadi? Poti wapolisi uja anamuona kuchipatala. — Wosagona tulo, Chipata

Anapha ndi Jong-woo. Ndikudziwa mumafuna ndinene zina koma ndi choncho.

Tiyeni tibwerere. Moon-jo wagwira Ji-eun kuti Jong-woo abwerere ku Eden, ndipo wabwereradi. Poyamba akutionetsa ngati anthu a mnyumbamo anatembenukirana okhaokha, Moon-jo nkumaliza otsalawo, kenako Jong-woo nkumupha iye podziteteza. Ndi nkhani yomwe apolisi akuilandira chifukwa njosavuta kulemba mu lipoti, zigawenga zaphana, mnyamata wosalakwa wapulumuka. Kenako ali kuchipatala akutibwezera mmbuyo nkutionetsa usiku womwewo kachiwiri, ndipo pamalo pomwe tinaona Moon-jo pali Jong-woo. Mayi Eom, Nam-bok, Deuk-jong, dzanja linali lake.

Umboni waukulu ndi chibangili cha mano chija Moon-jo anamuveka. Jung-hwa atamangidwa chipinda chapansi sanaone nkhope ya amene ankapha, koma anamva kulira kwa chibangili. Ndiye akupita kukamuona Jong-woo kuchipatala, akuchiona pamkono pake, nkhope yake nkusintha. Munthu amene wapulumuka mmanja mwa chigawenga sasunga mano a anthu akufa pamkono, akanachivula tsiku lomwelo. Iye akuchivalabe. Ji-eun nayenso akukumbukira kuti anamuona akuyankhula yekha ngati anthu awiri. Ndipo pa laputopu paja, mnyamata amene anabwera ku Seoul kudzalemba buku akungotayipa liwu limodzi lokhalokha, ifa ifa ifa, tsamba lonse.

Za Moon-jo, ine ndimati anafa. Asanafe akumuuza Jong-woo kuti ndiwe ntchito yanga yopambana zonse, ndipo akunena akusangalala, chifukwa kuphedwa ndi Jong-woo ndi chomwe ankafuna kuyambira pachiyambi, ndiye kuti ntchito yatha. Amene Jung-hwa akumuona kuchipatala ndimamutenga ngati mantha ake, mtsikanayu waona zambiri. Ena amalimbikira kuti ali moyo ndipo seweroli linasiya kampata dala kuti tizikangana, koma ngati ali moyo ndiye kuti nkhope yake ija ikuonekera pa nkhope ya Jong-woo kumapeto ilibe ntchito. Episodi yomalizayo mutu wake ndi Gaslighting, kutanthauza kumusokoneza munthu mutu mwadala mpaka azidzikayikira yekha, ndipo mkangano weniweni uli apa: kodi Moon-jo anaika chiwanda mwa mnyamata wabwino, kapena anangotsegula chitseko cha chomwe chinalimo kale? Kumbukirani kuti kuyambira episodi yoyamba Jong-woo amaona mmaganizo mwake akumenya anthu amene amukwiyitsa, ndipo zakale za ku usilikali zija zikutionetsa kuti anamenyapo munthu mpaka kutsala pang'ono kumumaliza, Moon-jo asanamudziwe nkomwe. Ukali unalipo. Koma anthu aukali ndi ambiri ndipo amakalamba osapha munthu, bola agone tulo, adye, wina awamvere akadandaula. Uyu anamulanda zonsezo kwa masabata, ena mwadala ena mosasamala chabe. Sindikumuchotsera mlandu, tsiku lija akuphwanya Byung-min ndi kiyibodi palibe anamugwira dzanja, koma sindingavomerenso kuti anabadwa chigawenga.

Im Si-wan apa anagwira ntchito, ndipo linali sewero lake loyamba atangotuluka ku usilikali mu 2019. Taonaninso maso ake mu episodi 1 kenako mudumphe pa 9, simunganene kuti ndi munthu mmodzi. Amene munamudziwira mu Squid Game ngati player 333 mwachedwa naye.

Vuto lonse ndi Ji-eun. Akanakhala mkazi womvera bwenzi mnyamata uja ali bwino. Akazi ena ndi choncho, bwenzi lako likuvutika iwe uli busy kukwera galimoto ya bwana wake. — Mnyamata wa ku Mzuzu

Aaa achimwene, mnyumba muli anthu odya anzawo, muli dokotala wozula mano anthu ali maso, inu mwapeza kuti wolakwa ndi mtsikana? Ji-eun analakwitsa kusamumvera, ndanena kale pamwambapa ndipo sindibweza. Koma mwaiwala kuti nayenso ali ndi bwana wake wamkazi uja amene amamunyoza mwaulemu tsiku lililonse, amatuluka ku ofesi usiku atatheratu, akatsegula foni nkupeza chibwenzi chikudandaula za anthu oseka mu kholido. Ife tikudziwa kuti Jong-woo akunena zoona chifukwa kamera inatitengera ku nsanjika yachinayi, iye anali asanapiteko. Kwa iye zikumveka ngati munthu amene sakuzolowera tauni. Ndipo atada nkhawa anapita yekha ku Eden usiku kukamufuna, malo oti inuyo simungalowe ngakhale masana. Jong-woo naye ndi kangati anamufunsa Ji-eun kuti kuntchito kwako zikuyenda bwanji nkudikira yankho? Onse awiri anali akumira, aliyense akuyembekeza kuti mnzake amuvuula.

Sizoni 2 ilipo? Ngati palibe ndionere chani chofanana nalo? Komanso mwana wanga wa Form 1 akulimbikira kuti aonere nawo. — Mayi wa ku Zomba

Sizoni 2 palibe mayi, nkhani inathera pa episodi 10, ndipo ma trailer mukuwaona pa YouTube ndi TikTok aja ndi anthu amangolumikiza tizidutswa ta mafilimu ena a Lee Dong-wook, musathere bandulo. Ngati mukufuna china chokuthetsani mpweya chimodzimodzi fufuzani Save Me la 2017, analemba ndi Jung Yi-do yemweyo amene analemba ili, nkhani ya banja lomwe lakodwa mu mpingo wachinyengo kumudzi, limenelo mwina likupwetekani kuposa ili. Beyond Evil la 2021 la Shin Ha-kyun ndi Yeo Jin-goo magazi ndi ochepako koma kukayikirana kwake nkomweko, apolisi awiri aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye wakupha.

Mwana wa Form 1 ayi. Muli kuzunza anthu atamangidwa pampando, muli kudya nyama ya munthu, muli Nam-bok ndi zithunzi zake zija zapakhoma zoti simungafune kuyamba kufotokoza. Adikire amalize Form 4, ndipo flash muzibisa poti ana a masiku ano password ya laputopu amaidziwa kuposa eni ake.